Njinga ya Bambo ndi Nyumba ya Magalasi

Chinthu choyamba chimene ndidachiona chitaikidwa m'nyumba ndi cholinga choti anthu azichiona chidali njinga. Bambo anga adaigula ku Limbe m'chaka cha 1968 ndi ndalama zimene adalandira atabwerako ulendo wawo wachiwiri wa Wenela, ku migodi ya ku Joni. Idali ya mtundu wa Humber, yakuda bii, ndipo tcheni chake chidali chobisika m'chivindikiro chachitsulo. Kwathu kudali kufupi ndi Ntaja, m'boma limene masiku amenewo linkatchedwa Kasupe, lomwe lero timati Machinga. Nyumba yathu idali ya zipinda ziwiri, yofolera ndi udzu, koma njingayo idapatsidwa malo aulemu kuposa ife ana. Bambo adaipachika ndi luzi kumtanda wa denga, moyang'anizana ndi khomo, kuti matayala asamakhudze pansi, komanso kuti aliyense wodzaodira ayambe waona iyo asanaone mwini nyumba.

Sankaikwera kawirikawiri. Kuchigayo mayi ankapita wapansi monga kale, ndipo bambo ankaitsitsa pokhapokha pamene ankapita kumaliro a kutali kapena kukamva milandu kwa amfumu. Ntchito yanga, ine mwana wa zaka 8, idali yopukuta masipoko ake, limodzilimodzi, ndi kansanza konyika m'parafini. Ndimakumbukira mmene alendo ankakhalira pamphasa maso ali m'mwamba, nkhani ya mvula ili pakamwa koma mtima uli panjinga. Bambo ankachita ngati sakuona kanthu. Choncho mukamawerenga zimene ndikusimbazi musayese kuti ndikuseka munthu wofuna kuonetsa chuma chake. Nthendayi ndidabadwira momwemo.

M'mwezi wa Okutobala, chaka cha 2023, dzuwa la ku Balaka likuswa mtengo, galimoto ina idaima pakhomo panga. Mudatuluka bambo wina wa thupi ndithu, amene adandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Ndidamzindikira ndi kachipsera ka pamphumi. Adali mwana amene ndidamphunzitsa Sitandade 7 zaka zambiri zapitazo, yemwe masamu ankawakhoza koma kalembedwe kake kadali ngati mopalasa nkhuku. Atalephera kupeza malo kusekondale adapita ku Joni monga amachitira anyamata ambiri a ku Machinga ndi ku Mangochi. Adayamba ndi kutsuka galimoto, kenaka kuzikonza, ndipo tsopano adali ndi magaraja akeake. Titatha malonje adatulutsa mpukutu wa mapepala nauyala patebulo.

"Aphunzitsi," adatero, "ndabwera ndi homuweki yoti muchonge."

Idali pulani ya nyumba. Malo adali atagula kale, pachitunda china cha kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, kufupi ndi Liwonde. Zipinda zogona sadazitchule n'komwe. Chala chake chidathamangira pakati pa pepala, pamene padali chipinda chachikulu ngati makalasi atatu ophatikiza. Umo ndimo mudayenera kukhala galimoto zake zinayi: Peugeot 404 ya bokosi kumbuyo, yonga zija zinkanyamula matola tili anyamata, Land Rover yakale, Mercedes-Benz imene adaigula ili chiphakasa n'kuidzutsa ndi manja ake, ndi ina yatsopano imene dzina lake lidandidutsa. Pakati pa chipinda chimenechi ndi balaza padalibe khoma la njerwa koma galasi lochokera pansi kulekeza kudenga, kuti munthu azimwa tiyi akuyang'ana galimoto. Kuseri kwa galimotozo, chakumadzulo, kudali khoma linanso la galasi, kuti dzuwa likamalowa kutsidya kwa Shire liziwala pazitsulo. Kuchokera pabalaza padali kanjira kataliko ka mashelefu, moikamo ziboliboli ndi zithunzi zojambula pamanja zimene adakhala akusonkhanitsa kwa zaka 15.

Nzeru imeneyi sadaitole m'tchire. Adandionetsa pafoni nyumba ina ya nsanjika 60 yotchedwa Porsche Design Tower, kufupi ndi mzinda wa Miami ku America, imene idatsegulidwa mu 2017. Kumeneko mwini galimoto satsikira pansi ayi. Amalowa nayo m'chikepe, chikepecho n'kumukweza mpaka pakhomo la chipinda chake, ndipo galimoto imagona kuseri kwa galasi, pafupi ndi mipando. Ndidayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Ndiulule pano kuti chimene chidayamba kubwera mumtima mwanga si nzeru koma nsanje. Ine ndidagwira choko zaka 37, ndipo penshoni yanga idathera pa nyumba ya zipinda zitatu imene kunja kwake sindidapakebe pulasitala. Pakamwa panga padafika kale mwambi uja wa chikomekome cha mkuyu, koma ndidaumeza. Mwanayo sadabwere kudzapempha ulaliki. Adabwera ndi homuweki, ndipo mphunzitsi amachonga chimene chili papepala, osati chimene chili m'thumba la mwini pepala.

Ndidayamba ndi funso la Jogalafe ya Sitandade 5. "Kodi mwananga, dzuwa limalowera kuti?"

Adaseka, nalozera khoma la galasi lija monyadira. Apo mpamene padagona vuto. Wojambula pulaniyo adali katswiri wa ku Johannesburg, mzinda wa pamtunda kumene m'mwezi wa Juni madzi amatha kuundana m'mamawa. Liwonde ali m'chigwa, ndipo aliyense amene adakhalapo m'basi pamlatho wa Kamuzu Barrage masana a mu Novembala akudziwa mmene kumatenthera. Dzuwa la masana silivuta kulitchinga chifukwa limakhala pamutu, denga lokha limakwana. Lovuta ndi la kumadzulo, limene limabwera chopendekera n'kulowa m'nyumba ngati mlendo wosaodira, pa nthawi imene makoma atentha kale tsiku lonse. Galasi limalola kuwala kulowa koma limakaniza kutentha kutuluka. Chipinda chotero chimasanduka uvuni: penti wa galimoto amafwifwa, zikopa za mipando zimang'aluka, mphira umauma. Kuno kwathu, kum'mwera kwa equator, dzuwa limayenda chakumpoto miyezi yambiri ya chaka, choncho zenera lalikulu limafuna kuyang'ana kum'mwera, kumene kuwala kumabwera kofatsa. Ndidamkumbutsa za nyumba ya Mandala ku Blantyre, imene idamangidwa mu 1882 ndipo idakalipo. Amene adaimanga adalibe makina oziziritsa mpweya. Adaizunguliza ndi khonde lotambalala, monga momwe agogo athu ankachitira ndi nyumba zawo, kuti dzuwa lizithera pakhonde.

"Ndidzaika makina oziziritsa," adayankha.

Ndidamufunsa kumene adali mu Januwale 2022, pamene namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kukhala likugawana magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Makina akazima, chipinda chotsekedwa ndi magalasi chimatentha msanga, ndipo akayakanso chimazizira msanga. Kusinthasintha kotereku ndiko kumapha ziboliboli. Mtengo, ngakhale udadulidwa kalekale, umamwa chinyezi nthawi ya dzinja n'kufufuma, ndipo umachilavula m'chilimwe n'kunyala. Zikachitika pang'onopang'ono umapirira. Zikachitika mwadzidzidzi umang'ambika, nkhope yosemedwa bwinobwino n'kugawika pakati. N'chifukwa chake osunga zinthu zakale amasamala kwambiri kuti chinyezi chisamalumphelumphe, ndipo zithunzi za papepala ndi pansalu amazibisa ku dzuwa. Tidakambanso za utsi wa injini, umene uli ndi mpweya wakupha wosanunkha, woti suyenera kupeza mpata wolowera pabalaza. Tidakamba za fumbi la mu Seputembala, za madzi a mvula amene adayenera kupatsidwa njira pachitundapo titaona zimene Freddy adachita m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho, ndiponso za chiswe. Za chiswe ndidalankhula ngati katswiri, pakuti chidandidyerapo mabuku a sikimu a teremu yathunthu m'kabati yokhoma.

Mpaka apa zinthu zidali kuyenda bwino, iye akulemba m'mphepete mwa pulani ndi kalembedwe kake komwe kaja. Zidasintha pamene adayamba kundionetsa zithunzi za ziboliboli. Zidalipo zambiri, ndipo zina zidali zogwira mtima: mayi wopeta, nkhalamba yotsamira ndodo, mvuu za mphingo zosalala ngati zadzozedwa mafuta, ndi mipando ija ya mfumu, ya matabwa awiri olowetsana, imene mumaiona itandandalikidwa m'mbali mwa msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Zomba. Zina adazigula pamsewu pomwepo, zina m'misika ya ku Johannesburg, kwa Amalawi anzathu amene amapita nazo kumeneko. Galimoto iliyonse ankaidziwa chaka chimene idapangidwa, dziko lake, kukula kwa injini, ngakhale amene adayamba kuiyendetsa. Nditaloza mayi wopeta uja n'kufunsa amene adamsema, adakhala chete.

"Ndidagula kwa mnyamata wina pamsewu," adatero potsiriza.

Sindikumunena iye yekha. Ine ndemwe ndadutsa pamisasa ya osemawo kosawerengeka, ndipo sindidaimepo kufunsa dzina la munthu. Timatsutsana nawo mtengo mpaka atagonja, tikatero timanyamuka. Chosema chikafika m'nyumba ya magalasi chimatchedwa luso la ku Africa, ngati kuti chidamera chokha m'thengo. Komatu pali munthu amene adakhala pansi pamsasa masabata awiri ndi kasemasema, tchizulo ndi sandipepa, amene diso lake lidaona mayi wopeta m'chipika chimene ine ndikadangochiponya pamoto. Ndipo chipikacho nachonso chili ndi kwawo. Mphingo umakula mochedwa zedi, umafuna zaka makumimakumi kuti ufike posemeka, ndipo mapiri a ku Machinga amene tili ana adali obiriwira lero ayera m'malo ambiri. Kuyambira mu Januwale 2017 mitengo ya mtundu wa mphingo idalowa m'ndandanda wa pangano la maiko lotchedwa CITES, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zingathe kutha. Nyumba yosunga zinthu zotere popanda kudziwa wozipanga kapena mtengo wake ndi nkhokwe chabe, ngakhale ikhale ya magalasi.

Ndidamuuza kuti asanakumbe maziko akafike ku Mua, m'boma la Dedza, ulendo wosatha theka la tsiku kuchokera ku Balaka. Kumeneko, pamishoni imene idayamba mu 1902, wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, amene anthu adawapatsa mfunda wa Chisale, adayambitsa malo a luso ndi chikhalidwe a KuNgoni mu 1976. Ndidapitako ndi ana asukulu nthawi ina, tidakaona nyumba ya Chamare, ya zipinda zitatu, yofotokoza za Achewa, Angoni ndi Ayao, mmene muli zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400. Nyumbayo si yaikulu, ndipo ilibe khoma la galasi. Chimene chidandikhudza n'chakuti chinthu chilichonse chidali ndi mbiri yake, ndipo osema a pamalopo ankadziwika ndi maina awo. Ana anga, amene m'kalasi ankayasamula ndikamaphunzitsa za miyambo, adatuluka akukangana za zimene adaona mpaka m'basi.

Funso langa lotsiriza lidali la mzere wakuda wozungulira pulani yonse. Adati udali mpanda wa njerwa wa mamita atatu, wa waya wamagetsi pamwamba.

"Nanga zonsezi adzazione ndani?"

Apa ndidamsimbira nkhani imene ndidaiwerenga kale, ya abale awiri, Hans ndi Fritz Schlumpf, eni mafakitale a ulusi wa ubweya mumzinda wa Mulhouse ku France. Fritz adagwidwa ndi chilakolako cha galimoto zakale, makamaka za mtundu wa Bugatti. Adazigula mwakachetechete, zina m'magulumagulu, nazisunga m'nyumba ina ya fakitale imene adaikongoletsa ndi nyali mazanamazana. Ololedwa kulowamo adali owerengeka. M'menemo malonda a ulusi adali kulowa pansi. Mu 1976 mafakitale adagwa, antchito adachotsedwa, ndipo abalewo adathawira ku Switzerland. M'mwezi wa Malichi 1977 antchito adalowa m'nyumba ija, napeza galimoto zoposa 400 zili ndandanda, zikunyezimira. Taganizani mmene adamvera munthu amene wangouzidwa kuti ndalama za malipiro ake palibe! Sadazitenthe. Adatsegula zitseko kuti aliyense adzaone kumene thukuta lawo lidapita, ndipo mu 1982 malowo adasanduka nyumba ya dziko yoonetseramo galimoto. Fritz adamwalira mu 1992, chuma chake cha pamtima chikuonedwa ndi anthu omwe iye adawatsekera kunja.

Ndinkayesa kuti ndamgonjetsa, monga timachitira aphunzitsi tikasimba nkhani yabwino. Iye adapinda pulani yake pang'onopang'ono.

"Aphunzitsi, inu simudakhaleko ku Joni. Mu 2008 ndidagona masiku anayi pabwalo la polisi, zonse zimene ndidali nazo zitatenthedwa chifukwa ndine mlendo. Mu 2015 anzanga adabwerera kuno pa mabasi a boma ndi zovala za m'thupi zokha. Kumene kuja munthu wobwera ukakhala ndi kanthu umabisa, umavala ngati ulibe. Zaka zonsezi ndakhala ndikubisa. Ndikufuna malo amodzi padziko pano pamene ndingakhale pansi n'kuona zimene manja angawa adapanga, zili poyera. Mpandawo ndi wa mantha, sindikana. Kodi kuno kulibe akuba? Kulibe a nsanje?"

Mawu otsirizawo adandilasa, ngakhale iye sadadziwe. Ndidakumbukira bambo anga, amene adakhala zaka zinayi m'mimba mwa nthaka, akutchulidwa ndi nambala m'malo mwa dzina. Njinga ija idali umboni wawo woti adapita nabwerako. Kusiyana kwake kudali kumodzi: khomo lathu lidalibe mpanda, ndipo usiku wina mayi woyandikana nafe atavutika pobereka, bambo adadula luzi lija ndi mpeni osadikira kumasula, njinga n'kuthamangira kuchipatala.

Ndidalakwa kumsimbira zimenezi, pakuti adafunsa pomwepo ngati njingayo idakalipo. Ilipo. Bambo atamwalira, katundu wawo adapita kwa ana a alongo awo monga mwa mwambo wa kwathu, ndipo njinga idagwera msuweni wanga amene adainyamulitsa makala ndi matumba a chimanga mpaka idapindika. Ndidaiombola mu 1983 ndi malipiro anga a miyezi iwiri yoyamba, nditangotuluka kukoleji ya aphunzitsi. Kuyambira pamenepo yayenda nane m'masukulu asanu ndi awiri, pamwamba pa katundu m'malole, osakwereka. Tidapita kukaiona m'kachipinda kosungiramo makasu. Belu lidachoka kalekale, chishalo chidadyedwa ndi makoswe, dzimbiri lili ponseponse. Iye adagwada, nazunguza pedulo ndi dzanja, namvetsera kulira kwake monga amachitira dokotala pachifuwa cha wodwala.

"Iyi ndingaidzutse," adatero. "Mundipatse, aphunzitsi. Idzakhala pakati pa galimoto zonse. Tchulani mtengo."

Ndidakana, ndipo ndidakana mwaukali woposa muyeso. Adapepesa, natsazika mwaulemu, nasiya thumba la shuga ndi mafuta ophikira m'manja mwa mayi a kunyumba. Usiku umenewo tulo tidasowa. Ndidadzifunsa kuti pa zaka 40 zimene ndasunga njingayo mumdima, pamodzi ndi makasu, adaiona ndani. Ana anga omwe amaitcha chitsulo cha agogo. Ine amene ndidamdzudzula mnzanga chifukwa cha mpanda wa mamita atatu, ndidali ndi mpanda wangawanga, wa loko wa dzimbiri.

Adabweranso patapita miyezi isanu ndi itatu ndi pulani ina. Galasi lalikulu lidatembenuzidwira kum'mwera. Kumadzulo kudabwera khoma la njerwa la mazenera ang'onoang'ono, ndi khonde lotambalala loti azikhalapo iye mwini pofuna kuona dzuwa likulowa. Pamwamba pa chipinda cha galimoto padaikidwa mipata yotulutsira mpweya wotentha. Mpanda sadaugwetse ayi, ndipo sadafune n'komwe kuti tikambirane za iwo. Koma kanjira ka ziboliboli kaja adakasunthira kumpanda wa kumsewu, nakapatsa khomo lakelake. Adati mwina Loweruka lina lililonse, mwina ana asukulu okha, adzaona. Adandionetsanso kope limene adayenda nalo m'misasa ya pamsewu wa ku Zomba, akuonetsa osema zithunzi za pafoni. Mwa ziboliboli zake zonse adapeza eni a zisanu ndi zinayi. Amene adasema mayi wopeta adali atamwalira, koma mng'ono wake adazindikira ntchitoyo ndi kapindidwe ka chala chakumanzere.

Za njinga sadatchulenso, ndipo ine sindidayambitse. Pamene ndikulemba pano makoma afika pa mazenera, ndipo mwini wake adabwerera ku Joni kukasaka za denga. Njinga ndidaitulutsa m'kachipinda kaja, ili pabalaza, yotsamira khoma. Mdzukulu wanga wamkulu, amene adalemba mayeso a Fomu 4 ndipo ntchito sadaipeze, wakhala akuizungulira. Akuti felemu yake ndi yolimba kuposa njinga za masiku ano, ndipo atapeza matayala ndi chishalo chakumbuyo angayambe kabaza pa depoti ya Balaka. Dzulo adandipeza nditakhala patebulo ndi kachikatoni koyera, ndikulembapo ndi zilembo zanga za pabolodi dzina la bambo, mudzi wawo, ndi chaka cha 1968. Adafunsa kuti n'zachiyani. Ndidamuuza kuti akatenge parafini ndi kansanza, ayambe ndi masipoko a kutsogolo.